Zipolopolo Zimene Achimwene Sanaziyese

Ndinadzuka kunja kusanache, ngati kumeneko tingakutche kudzuka, chifukwa tulo take tinali ta pansi pa tebulo, mutu pachikwama, miyendo yanga ili pamiyendo ya mayi wina amene mpaka lero dzina lake sindilidziwa. Nyumba za ku Bolton n'zogundizana, zopapatiza ngati mabogi a sitima, ndipo ya achimwene anga usiku umenewo inanyamula anthu oposa msinkhu wake. Amayi anagona pabalaza, ena pamasitepe chokhala. Abambo anapanikizana m'khitchini ndi m'kanjira ka pakhomo. Nyimbo zinatha msanga, osati chifukwa makosi anatopa ayi, koma woyandikana nafe anagogoda khoma, kenako anabwera yekha kudzapepesa maliro n'kudzapemphanso tulo. Kuchezera maliro monong'ona, inu munakuonapo kuti?

Chimene chinandidzutsa si kuzizira. Zinali zipolopolo zinayi. Chimwalirireni achimwene, ine ndi alamu anga, akazi awo, tinkazifunafuna mwakabisira, ndipo m'mawa wa tsiku loika maliro tinali tisanazipeze.

Ndiyambe ndakuuzani za munthuyo kuti mundimvetse. Achimwene ankakonza mabasi, koma imeneyo inali ntchito ya m'mimba chabe. Mtima wawo unali m'kashedi kamatabwa kuseri kwa nyumba. Bambo athu anali mlonda wa nyama zakutchire ku Kasungu, ndipo magazi a ulenje anagwera mwa achimwene okha. Atakhazikika kuno analowa kalabu ya owombera chandamale, apolisi anawafufuza mpaka kukhutira, n'kuwapatsa layisensi. Anagula chimfuti chachikulu, choti chala chimalowa kukamwa kwake. Zipolopolo za m'sitolo ankazinyoza, ankapanga zawozawo. Ankasungunula mtovu m'kampoto, kuuthira m'chikombole chachitsulo, n'kumagwetsera pathaulo timitu totuwa tonenepa ngati nzama. Kalikonse ankakaika pasikelo. Kakapepuka pang'ono kapena kakaoneka ndi khwinya, kabwerere mumpoto. Alamu ankadandaula fungo, ine ndinkalalata kuti mtovu udzawadwalitsa, iwo ankangoseka n'kutsegula zenera.

Kamutu kotuwako pakokha ndi mwala chabe, ngakhale nkhuku sikangaiphe pokhapokha utachita kuigenda. Kamasanduka chinthu choopsa akakakhazika m'kachitini kamkuwa kokhala ndi wonga. Apo ndiye kali ndi moyo, ndipo lamulo la dziko lino silifuna kuti munthu wopanda layisensi apezeke nako, kaya m'nyumba kaya m'thumba. Eni dziko zinthu ziwirizi anazipatsa maina awiri. Ife timangoti chipolopolo, basi.

Loweruka likakhala lopanda ntchito, achimwene ankakwera kumapiri kumene kalabu ili ndi bwalo lake, kukayesa zimene apanga. Ankabwerako ndi mapepala obooka n'kuwayala patebulo lodyera ngati masatifiketi a ana. Mabowo akatalikirana, usawayankhule, tsiku lawonongeka. Akakumbatirana, ha, nyumba yonse imve, ndi ine ku Leeds andiimbire foni ndili pashifiti. Chinawayambitsa khama limeneli ndi gwape wina amene anamuwombera kumunda kwa mlimi wa kumpoto kumene ankaloledwa kusaka. Chipolopolo chinalowa, koma nyamayo inathamanga mtunda ndithu ikuvutika. Achimwene sanadye tsiku limenelo. Kuchokera apo ankafuna chipolopolo choti nyama izigwa pomwepo isanadziwe n'komwe, ndipo lamulo lawo linali loti chosayesa pachandamale sichipita kutchire.

Loweruka lawo lomaliza anapita kubwaloko ndi mnzawo wa kukalabu, mzungu wokalamba wosamva khutu limodzi. Anawombera pang'ono n'kunena kuti pachifuwa pakuwalemera. Mnzawoyo anaona ndi maso ake akuika zinayi zotsala m'kachikwama kachikopa. Achimwene anafika kunyumba, anatsekera mfuti m'kabati yake yachitsulo, kenako anagwa m'khitchini. Atamwalira kuchipatala, mkulu uja anabwera ndi chilolezo cha apolisi kudzatenga mfuti ndi zonse za m'kabati. Zinayi zija munalibe. Anatiuza mosapsatira kuti wapolisi woona za mfuti adzabwera maliro akatha, ndipo iye sadzamunamiza. Tikazipeza tisazigwire, tingoimbira mkuluyo foni.

Alamu ndi nesi, inenso ndine nesi, ndiye tanthauzo lake tinkalidziwa tonse. Nesi akakhala ndi mlandu kupolisi, chiphaso chake cha ntchito chimagwedezeka. Mwina akanatimvetsa, inde. Koma mayi wamasiye wa ana awiri angaike ntchito yake pa mwina? Tinapindula majekete, tinasesa galimoto, tinanyamula matiresi. Sitinauze munthu aliyense, poti Amalawife nkhani ikalowa khutu limodzi imatulukira m'mafoni a tauni yonse.

Panalinso kankhani kena kamene ine ndinkayesa kuti katha. Tsiku limene achimwene anatsitsimukako kuchipatala, anauza alamu kuti m'shedi muli timitu tatsopano ta chikombole chimene anali atangogula, tosayesa. "Zikavuta mundiikire m'bokosi," anatero, "ndikayesera komweko." Ankaseka, koma alamu analonjeza. Kwathu zimenezi si zachilendo, bambo athu anapita ndi mpeni wawo. Tsono dzulo lake la tsiku loika maliro, ponyamuka kukaona nkhope kunyumba yosungira maliro, ine manja anali odzaza ndi zina, ndipo ndinatuma atsibweni athu, mlongo wa mayi, amene anabwera pandege kuchokera kumudzi kudzaimira mbumba. Ndinati, "Atsibweni, m'shedimo muli zipolopolo, mutengeko zingapo mukawaikire m'thumba la suti." Anavomera ngati munthu amene wapatsidwa ntchito yoyenera msinkhu wake. Tinaona nkhope, iwo anatsalira pang'ono, bokosi linatsekedwa.

Ndiye m'mawa umenewo ndinadumpha anthu ogona n'kutuluka kuseri. Moto wa pamaliro kuno ndi wa gasi. Amayi anali atayala kale mbaula zawo pansi pa katenti, pakabwalo koti anthu asanu akaima padzaza. Mvula inali ija ya kuno yopanda khalidwe, yosagwa yosaleka, yongokunyowetsa mwakachetechete mpaka m'mafupa. Ena ankatsuka mpunga, ena ankadula kabichi atavala majekete pamwamba pa zitenje. M'mapoto awiri akuluakulu munali nyama ya gwape womaliza wa achimwene, imene tinaitulutsa m'firiji. Ndinaona mayi wina amene ankakonda kunena kuti munthu wopemphera sasewera ndi mfuti akulawa msuzi wake kawiri.

Nyama isanafewe n'komwe, gasi anatha. Anandiuza kuti chibotolo china chili m'shedi, ndipo ndinalowa. Fungo la achimwene linali momwemo, la mafuta ndi chitsulo. Kampoto kanali pamalo pake, chikombole chili pathaulo. Pakati pa tebulo panali chitini cha timitu tatsopano tija, chodzaza mpaka m'kamwa monga ndinachionera sabata yonse. Sipanachoke ndi kamodzi komwe. Nanga atsibweni dzulo anaika chiyani m'thumba la suti?

Ndinawapeza ataima pakhomo la khitchini ndi kapu ya tiyi, atavala jombo zamphira za achimwene. Ndinawakokera pambali n'kuwaonetsa chitinicho. Anachiyang'ana ngati ndawaonetsa zinyalala.

"Timiyala ito?" anatero. "Mwana iwe, ine ndinagwira mfuti kuusilikali usanabadwe. Chipolopolo ndimachidziwa. Mwana wa mlongo wanga apite ndi mitu yokhayokha ngati ya usipa?"

Anafotokoza monyadira. Dzulo analowa m'shedi, anaona matope pabwalo, nafuna kuvala jombo. Munthu wa kumudzi savala jombo asanaikutumule, kuopa zinkhanira, ngakhale ku Bolton kumene chinkhanira sichinafikeko. Atakutumula, kachikwama kachikopa kanagwa, m'kati muli zinayi zonyezimira, zathunthu. Anati mwini wake wachita kuwaonetsa yekha. Anaziika m'thumba, anakwera nazo takisi pakati pa tauni, n'kukaziika pamtima pa achimwene.

Mayo ine! Ife sabata yonse kugwada pansi pa mabedi, osadziwa kuti achimwene, pofika ndi chifuwa chowawacho, anangoponya kachikwamako m'jombo povula. Ndinafuna kukuwa, koma amayi ophika anali pomwepo makutu ali tcheru. Ndinawauza atsibweni motsitsa mawu kuti zimenezo ndi zimene apolisi adzazifune, ndipo ziyenera kutuluka. Nkhope yawo inasintha. Anati bokosi likatsekedwa latsekedwa, ndipo chimene wapatsa wakufa sumulandanso. Anamwa tiyi wawo n'kundipatsa nkhongo. Khoswe akakhala pamkhate sapheka, abale. Akanakhala munthu wina ndikanamutsuka m'kamwa pomwepo, koma awa ndi atsibweni, mwini mbumba, munthu amene anandilipirira yunifolomu ya sekondale.

Ndinaganizako zongokhala chete. Pansi pa nthaka ndani akazione? Koma podutsa m'khitchini ndinamva abambo akuseka kuti malemu akafika kumwamba ali ndi zida zokwanira. Kani atsibweni anali atafotokozera gulu lonse usiku, mwina kangapo. Chinsinsi chathu cha sabata yonse chinali chitasanduka nthabwala ya pamaliro. Wapolisi akadzafunsa, alamu adzati sindikudziwa pamene Bolton yense akudziwa? Kapena adzati tinakwirira, n'kuyamba kufotokoza amene anazinyamula m'takisi?

Kunja kutayera, anthu anayamba kufika. A ku Leeds anabwera pa kabasi kobwereka, a ku Newcastle anali atanyamuka usiku, ena anachokera kushifiti molunjika, yunifolomu ikuonekera pansi pa jekete lakuda. Anzathu a ku Zambia anafika ndi ndowa ya nkhuku yokazinga kale. Msewu wake ndi wopapatiza, ndiye magalimoto anatsekereza zipata za eni ake, ndipo aliyense wodandaula ankamulozera kwa ine. Wina akufuna chimbudzi, wina akufunsa ngati kutchalitchi kuli poimika galimoto, wina akundigwira dzanja osalisiya, akundifotokozera mmene bambo ake anamwalirira chaka chatha. Ine maso ali pamasitepe, kufuna kukwera kwa alamu.

Ndinawapeza m'chipinda atazunguliridwa ndi amayi a mpingo akuwamanga duku. Ndinanamizira kuti ndikufuna kuwamwetsa mankhwala, n'kulowa nawo m'bafa. Ndinatsegula mpopi kuti mawu asamveke ndipo ndinawauza zonse. Sanalire. Chimwalirireni amuna awo ndinali ndisanaone msozi wawo, ankangoyenda ngati munthu wosenza ndowa yodzaza. Anakhala m'mphepete mwa bafa akuyang'ana madzi.

"Alamu," anatero, "ine ndili ndi ana. Koma mtembo ndi wa abale anu, si wanga. Ine sindingakangane ndi atsibweni anu."

Ananena zoona, ndipo zoonazo zinandipweteka. Kwathu mkazi amalira mwamuna, koma bokosi ndi la kuchimuna. Ndiye kuti mtolo wonse wagwera ine. Ndinatsika, ndinalowanso m'shedi, ndinatapa timitu totuwa todzaza dzanja, ndinatimanga m'kampango n'kuika m'chikwama changa. Ndinati zamoyo zikatuluka, izi zilowe, lonjezo la alamu likwanire.

Galimoto ya maliro inafika pa nthawi yake ndendende, ife tisanakonzeke monga mwa masiku onse. Amayi anayambitsa nyimbo pamsewu, tsopano mokweza, poti kunali kutacha. Makatani a nyumba zina ankagwedezeka. Mkulu wina wa tsidya la msewu anatuluka n'kuvula chipewa mvula ikumugwera. Ine ndinakwera galimoto ya mayi wina wa mpingo, wosamalira okalamba, amene njira yonse ankadandaula kuti abwana ake amukaniza tchuthi ndipo masana ayenera kukalowa ntchito.

Kutchalitchi ndinamuona mnzawo wa achimwene uja ataima kumbuyo, atavala suti yomuthina, yooneka kuti imatuluka pa maliro pokha. Ndinamukokera pakhonde kuti ndimunong'oneze. Koma inu, kunong'oneza munthu wogontha khutu! Ndinayamba ndi khutu lolakwika. Ndinazungulira kwinako, iye n'kumangoti ndibwereze. Mapeto ake chinsinsi ndinachita kukuwa, achinyamata ogawa mapepala a nyimbo akundiyang'ana. Atamva, nkhope yake yofiira inayera. Sanakalipe. Anangoti iye ali ndi layisensi, akhoza kuzitenga ndi dzanja lake, ndipo nkhaniyo ithera pomwepo.

Tinapita kwa mkulu wa kampani yoyendetsa maliro, munthu waulemu wa magolovesi akuda. Anamvetsera osaphethira. Anati zimenezo sangalole kuti zilowe m'manda iye akudziwa, koma kutsegula kufuna chilolezo cha mkazi wa malemu, ndiponso kumanda a khonsolo anatipatsa nthawi yathu, tikachedwa pali maliro ena kumbuyo kwathu. Alamu anavomera ndi mutu ali pabenchi. Tinagwirizana kuti mapemphero akangotha, bokosi lilowe m'kachipinda ka pambali kamene abusa amavaliramo, ntchito ya kanthawi kochepa.

Mapemphero akangotha! Ndani anaonapo mapemphero a maliro a Amalawi akungotha? Woimira mpingo anayankhula. Woimira bungwe la a kwathu anayankhula n'kuyamba kuthokoza makomiti. Wa kuntchito kwa achimwene, mzungu, ananena mawu ake ochepa n'kukhala pansi, Mulungu amudalitse. Kenako atsibweni anaimirira n'kuyambira kwa agogo a agogo athu. Wa magolovesi uja ankayang'ana wotchi, kenako ine, kenako wotchi. Ulaliki sindinaumve ndi liwu limodzi lomwe. Pa maliro a mchimwene wanga weniweni, wobadwa naye bere limodzi, ine ndinakhala ndikuwerengera nthawi ngati ndikudikira basi. Chimenechi chimandiwawa mpaka lero.

Nyimbo yotsekera itayamba, anyamata a kampani anakankha bokosi, koma m'malo molunjika kukhomo lalikulu anakhotera m'kachipinda kaja. Mkulu wa kukalabu analowa pambuyo pawo. Tchalitchi chonse chinachita phokoso la pansipansi. Ndisanalowe nanenso, ndinaona atsibweni akubwera pakati pa mabenchi, ndodo ili m'manja, abambo angapo ali pambuyo. Ndinadziwa kuti akalowa m'menemo pachitika zoti azidzazikamba mpaka ku Kasungu. Ndinaponyera chikwama changa mayi wa galimoto uja kuti andigwirire, ndinakoka chitseko, n'kuima patsogolo pake manja onse atagwira mafelemu.

"Choka apo," anatero atsibweni.

"Sindichoka, atsibweni."

"Ukudziwa chimene ukuchita? Kutsegula bokosi n'kuitana wina. Mlendo apise dzanja m'thumba la mwana wathu, ife tili pompano? Wina akatsatira, udzadziwe kuti ndiwe."

Ndinawayankha ndi mkwiyo wa m'mawa wonse. "Atsibweni, inu sabata yamawa mukwera ndege. Apolisi akadzagogoda pakhomo paja sadzapeza inu, adzapeza alamu ndi ana. Ntchito ikawathera, mudzawadyetsa ndinu? Bwanji simunafunse dzulo? Safunsa adadya phula!"

Mawu omalizawo sindikanayenera kuwanena pagulu, koma anatuluka. Amayi ena anagwira pakamwa. Atsibweni anandiyang'ana, ndipo pankhope pawo ndinaona kuti si ukali wokha. Munthuyu anauluka ulendo wonsewo kudzaika mwana wa mlongo wake mwaulemu, ndipo chinthu chimodzi chimene anachichita ndi manja ake ndi chimene ndinkachichotsa. Kumbuyo kwanga ndinkamva zomangira za bokosi zikulira pomasula. Panakhala kachetechete, kenako zinaliranso pomanga. Chitseko chinatseguka. Mkulu wa kukalabu anatuluka dzanja lili pathumba la m'kati la jekete, maso ali ofiira, n'kundigwedezera mutu. Wa magolovesi anati tinyamuke tsopano lino, apo ayi manda atitsekera.

Zotsatira zake zinali liwiro lokhalokha. Anandikankhira m'galimoto ya anamfedwa pamodzi ndi alamu ndi ana. Mdipiti wa magalimoto unaduka pa maloboti oyamba, ena anasochera n'kukafika kumanda ena. Mvula inakula. Kumanda tinapeza adzukulu a kuno, anyamata a khonsolo a majekete owala, atakhala m'kagalimoto kawo kokumbira akutidikira, ndipo chapatali anthu a maliro ena anali atayamba kale kusonkhana. Abusa anadula mapemphero pakati. Nyimbo tinaimba imodzi, mavesi awiri. Nkhata anati tiike onse pamodzi, osaitana maina. Atsibweni anakaima patali pansi pa mtengo wopanda masamba, anakana ambulera, anakananso kuponya dothi.

Alamu anaponya dothi lawo, ana anaponya, ine ndinatapa langa. Linali lonyowa, lolemera. Litagunda pachivundikiro cha bokosi, kulira kwakeko n'kumene kunandikumbutsa. Timitu tija! Ndinagwira paphewa, chikwama palibe. Ndinayang'ana uku ndi uku kufuna mayi wa galimoto. Wina anandinong'oneza kuti sanafike kumanda, anapatukira kuntchito kuchokera kutchalitchi, nthawi inali itamuthera. Chikwama changa chinali pampando wakumbuyo wa galimoto yake, foni yanga ili momwemo, kampango kali momwemo.

Ndinaima pamenepo ngati chitsa. Ndikanati aime? Ndinali nditaimitsa kale maliro kamodzi tsiku limenelo, kachiwiri akanandimanga ndi zitenje. Abambo analandirana mafosholo ochepa amene a khonsolo anatibwereka, dothi linakwera, kenako kagalimoto kaja kanabwera kudzamaliza. Alamu anandigwira dzanja n'kulifinya. "Zikomo alamu," anatero. Ndikanakonda akananditukwana.

Kunyumba anthu anadya chiimire, m'masitepe, m'kanjira, ena m'magalimoto. Nyama ya gwape inatha yonse, mapoto anachita kukombedwa. Ndikalowa m'chipinda nkhani inkaduka, ndikatuluka inkapitirira. Ndinamva ndi khutu langa mayi wina akuti unesi umaumitsa mtima, munthu mpaka kutsegulitsa bokosi la mlongo wake. Ndinangomuwonjezera mpunga. Mkulu wa kukalabu anabwera mochedwerapo, anakana kulowa, anaima pakhomo n'kuuza alamu kuti zinayi zonse wazitsekera kwake, wapolisi wamuimbira kale, ndipo palibenso choti aope. Alamu anatsamira khoma n'kutseka maso. Mkuluyo ananenanso kuti amuna awo anali munthu wosamala kuposa onse pakalabu, ndipo jombo ija ndi umboni wa mmene chifuwa chinkawapwetekera. Atatero anapita msanga, akupukuta mphuno.

Kenako nyumba inayamba kupungulika. A ku Newcastle ananyamuka kuopa mdima, a mashifiti a usiku anathamangira mabasi, amayi anapinda tenti n'kutsuka mapoto. Atsibweni anavula jombo zija, anazitsuka matope, anaziimika bwinobwino pakhomo la shedi, n'kukakhala m'khitchini osadya, osayankhula. Ndinawapititsira tiyi, sanamuyang'ane. Ana anakwera kuchipinda kwawo.

Kukuyamba kuda, mwamuna wa mayi wa galimoto uja anagogoda n'kundipatsira chikwama pakhomo, akupepesa. Ndinakhala patebulo lodyera, pomwe achimwene ankayala mapepala awo obooka. M'nyumba munali zii, moti firiji inkamveka. Ndinatulutsa kampango n'kukamasula. Timitu tija tinagubuduka pang'ono n'kuima, totuwa, tosalala, topanda khwinya ndi kamodzi komwe.

Ndinamva alamu akutsika masitepe. Ndikanatha kubisa, nthawi inalipo, koma manja anakana. Anaima pambali panga atavula duku. Anayang'ana patebulo, anayang'ana ine. Ndinayamba kufotokoza za chitseko, za chikwama, za shifiti ya mayi uja, koma anakweza dzanja kuti ndisiye. Anatola kamodzi n'kukatembenuza ndi zala kufupi ndi getsi, ndendende mmene ankachitira mwini wake.

"Ndiye akayesa chiyani kumeneko?" anafunsa.

Anakhala pansi, anafumbata kamutuko, ndipo ndowa imene anaisenza sabata yonse inatayika. Analira mokweza, kulira kwa kwathu kotchula dzina, mpaka atsibweni anatulukira pakhomo la khitchini n'kuima chogwira felemu. Ndinadikira kuti woyandikana nafe agogode khoma. Sanagogode.